Kuyeza transistor ndi mita: pezani kaye base musanaitaye

Mvula yoyamba ikangogwa kuno ku Zomba, mabingu n'kuyamba kugunda paphiri, benchi yanga imadzaza. Ampulifaya ya kwaya ya ku Chinamwali, wayilesi ya agogo ena a ku Matawale, ina imabwera pa kabaza kuchokera ku Jali itakulungidwa m'chitenje. Eni ake amanena mawu ofanana: "Inangozima, kenaka tinamva fungo." Kawirikawiri chomwe chafa ndi transistor. Chimene chimandipweteka n'chakuti anyamata ambiri ophunzira ntchitoyi amangozula iliyonse yomwe aikayikira n'kukagula ina osaiyeza. Ndalama za kasitomala zimapita, zina mwa zotayidwazo zili bwinobwino, pomwe kuyeza kwake n'kwa mphindi ziwiri ndipo ngakhale mita yotchipa yachikasu ija ya DT830 imakwanitsa.

Transistor yomwe ndikunena ndi ya miyendo itatu, base, collector ndi emitter, yomwe imabwera m'mitundu iwiri, NPN ndi PNP. Kuti muiyeze simufunika kudziwa zonse zochitika m'kati mwake. Gwirani chinthu chimodzi: kwa mita, transistor imaoneka ngati madiode awiri okumana pa base. Diode ili ngati chitseko chotsegukira mbali imodzi, moto umadutsa polowera uku koma pobwerera ayi. Chitseko china chili pakati pa base ndi emitter, china pakati pa base ndi collector. Mukatsimikiza kuti zitseko ziwirizi zikutseguka mbali yoyenera n'kutsekeka mbali inayo, ntchito yaikulu mwaigwira.

Musanakhudze kanthu

Zulani pulagi, chotsani batire. Zikatero musafulumire kulowetsa dzanja. Magetsi athu ndi a 230 V, ndipo m'zipangizo monga TV, DVD ndi matchaja, capacitor yaikulu ya pafupi ndi polowera moto imasunga pafupifupi 325 V, nthawi zina kwa mphindi zambiri chipangizo chitazima kale. Ikani mita pa DC 1000, yezani pamiyendo yake iwiri. Ngati muli moto, utsitseni kudzera m'babu lakale lija la kawaya kowala m'kati, kapena resistor yaikulu. Osagunditsa miyendoyo ndi sikuludiraiva: imathetheka, imadya njira za pabolodi, ndipo kachidutswa kangakugwereni m'diso.

Kenaka werengani nambala yolembedwa pathupi pake, chifukwa si chilichonse cha miyendo itatu chomwe ndi transistor ya mtundu uwu. Zoyamba ndi IRF, monga IRF3205 yomwe yadzaza m'mainiveta a sola, ndi MOSFET ndipo kayezedwe kake n'kena. 7805 ndi 7812 ndi zowongolera mavolti. TL431 imafanana ndendende ndi katransistor kakang'ono, koma si iyo. BT136 ndi triac. Mukaziyeza izi m'njira ya lero zidzakupatsani manambala osamveka n'kuziweruza kuti zafa.

Nambalayo imathandizanso kudziwiratu mtundu. Za ku Japan zoyamba ndi 2SA kapena 2SB ndi PNP, za 2SC kapena 2SD ndi NPN, ndipo pathupi pake "2S" uja amamusiya. Choncho C945 ndi 2SC945, A1015 ndi 2SA1015, D718 ndi 2SD718. Za ku Ulaya, chilembo choyamba chimanena chomwe anapangira: B ndi silicon, monga BC547 ndi BD139, A ndi germanium, monga AC128.

Jambulani bolodi ndi foni musanazule kanthu, kuti muzakumbukire komwe nkhope ya transistor inaloza. Ndiye ichotseni pabolodi. Ndikudziwa kuti ulesi umati yezera pomwepo, koma pabolodi pali maresistor, makoyilo ndi madiode olumikizana nayo, ndipo mita idzayeza zonsezo pamodzi. Mwina idzalira ngati pali shoti pomwe ndi koyilo chabe. Ngati kuzula yonse kukuvuta, masulani miyendo iwiri ilendewere. Mukaichotsa isiyeni izizire, chifukwa chake ndichinena posachedwa. Palani miyendo ndi lezala mpaka iwale. Chinyezi cha kuno, makamaka m'nyumba za m'munsi mwa phiri ndi za kufupi ndi nyanja ya Chilwa, chimachititsa miyendo dzimbiri lobiriwira, ndipo nsonga ya mita ikagunda padzimbiri imawerenga ngati m'kati mwaduka.

Mita nayo iyeseni. Chingwe chakuda pa COM, chofiira pabowo la V ndi Ω. Zungulizani mpaka pachizindikiro cha diode, kamuvi kogunda kamzere. Gunditsani nsonga ziwirizo: ziwonetse 000 kapena pafupi. Zilekanitseni: iwonetse OL, kapena 1 ali yekha kumanzere ngati ndi DT830, kutanthauza kuti moto sukudutsa. M'nkhani ino ndizingoti OL. Kabatire kakaoneka pagalasi, sinthani batire la 9 V lija musanapitirire.

Kufunafuna base

Goneketsani transistor pabenchi, mbali yolembedwa ikuyang'ana kumwamba, miyendo ikuloza kwa inu. Papepala itcheni 1, 2, 3 kuchokera kumanzere. Miyendo itatu imapanga mawiriawiri atatu, ndipo awiri aliwonse ayezedwa mbali ziwiri, ndiye kuyeza konse n'kasanu n'kamodzi. Lembani zonse. Ine mpaka lero ndimalemba, chifukwa munthu akalowa n'kukulankhulitsa umaiwala pomwe unali.

Ikani chofiira pa mwendo 1, chakuda mugunde 2, kenaka 3. Samutsani chofiira chipite pa 2, chakuda chigunde 1 ndi 3. Chitaninso chimodzimodzi chofiira chili pa 3. Zala zanu zisakhudze chitsulo cha nsonga kapena miyendo.

Transistor yamoyo ikupatsani manambala awiri okha, zinayi zotsalazo OL. Manambalawo amakhala pakati pa 500 ndi 800, nthawi zambiri cha m'ma 600, ndipo amatanthauza mamilivolti. Mita zina zimalemba 0.650 m'malo mwa 650, n'chimodzimodzi. Tsopano onani papepala: pa manambala awiriwo pali mwendo umodzi womwe ukupezeka konsekonse. Umenewo ndiye base. Ngati chingwe chomwe chinali pa base ndi chofiira, muli ndi NPN. Ngati ndi chakuda, muli ndi PNP.

Tengani C945, yomwe ili pafupifupi m'wayilesi iliyonse. Mukaika chofiira pa mwendo 3, chakuda pa 2 chikupatsani nambala, tinene 672, pa 1 chikupatsani, tinene, 678. Kwina konse OL. Ndiye kuti base ndi mwendo wa kumanja ndipo transistor ndi NPN. Anthu ambiri amaganiza kuti base imakhala pakati nthawi zonse. Pa BC547 ndi 2N3904 ili pakati ndithu, koma pa C945, C1815 ndi A1015 ili kumanja, pa TIP41 ndi 2SC5200 ili kumanzere. N'chifukwa chake ndimati ifuneni ndi mita, osati ndi chizolowezi.

Manambala akatsika kufika 200 kapena 300 pa zitseko zonse ziwiri, mbali inayo n'kutsekeka, musanaiweruze onani zaka za chipangizocho. Transistor yoyamba, yomwe John Bardeen ndi Walter Brattain anapanga ku Bell Labs mu 1947, inali ya germanium, ndipo mawayilesi a m'ma 1950 ndi 1960 ambiri anali ndi zimenezo. Munthu akakubweretserani wayilesi yosungidwa kuyambira nthawi yomwe Zomba inali likulu la dziko, 1975 isanafike, manambala otsika otere ndi thanzi lake. Germanium imadonthanso pang'ono ngakhale ili yabwino. Zimenezi n'zosowa masiku ano, choncho musaitaye msanga.

Collector ndi uti, emitter ndi uti

Bwererani ku manambala awiri aja. Sakhala ofanana ndendende. Wokwera pang'ono ndi wa emitter, wotsika ndi wa collector. Pa chitsanzo chathu 678 inali pa mwendo 1, ndiye emitter ndi 1, collector ndi 2. Kusiyanako kumakhala kochepa, nthawi zina 3 kapena 5 chabe, ndipo apa mpamene kutentha kumasokoneza. Nambala ya silicon imatsika pafupifupi 2 pa digiri iliyonse yomwe yatentherapo. Mukaigwira ndi zala, kapena mukaiyeza itangochoka pamoto wowotcherera, manambala amayenda mukuwaona ndipo mungasinthanitse miyendo. Isiyeni pabenchi, yezani kawiri katatu.

Pa zazikulu n'kosavuta. TIP41, TIP42 ndi zina zoboola pamwamba, chitsulo cha kumsana ndi collector, cholumikizana ndi mwendo wapakati. 2N3055 ili ndi miyendo iwiri yokha chifukwa chigoba chake chonse ndi collector.

Yakufa imaoneka bwanji

Ikawerenga 000 kapena nambala yochepetsetsa mbali zonse ziwiri, mita n'kumalira, yachita shoti. Zazikulu za m'maampulifaya zimakonda kufa chonchi pakati pa collector ndi emitter, n'chifukwa chake fyuzi imapsa mukangoyatsa. Musadumphe kuyeza miyendo iwiriyi, ngakhale za base zitaoneka bwino: yamoyo iyenera kupereka OL mbali zonse.

Ikapereka OL paliponse, kapena chitseko chimodzi chokha n'chomwe chikuwerenga, m'kati mwaduka.

Yovuta kuigwira ndi yodontha. Imawerenga 600 mbali yoyenera, koma mukatembenuza zingwe m'malo mwa OL ikupatsani nambala ina, kaya 900 kaya 1200. Imeneyi imagwirabe ntchito mwa apo ndi apo, wayilesi imalira mosasa kapena kuphulikaphulika. Mukakayika, sinthani mita muiike pa 2000k ya maohm, yezani base ndi collector mbali yotsekeka, kenaka collector ndi emitter. Ya silicon yabwino ikhalabe OL. Apa makamaka chotsani zala, poti thupi lanu lokha limawerenga pa sikelo imeneyi.

Zamoyo zooneka ngati zakufa

Ndili wophunzira ndinataya ma D1555 awiri abwinobwino. Anali a m'TV zija za chimsana, zomwe m'malo oonetsa mpira ndi mafilimu a kumidzi zikadalipo. Ndinayeza base ndi emitter, mita inalira mbali zonse, ndinati shoti. Ndinagula ina, yatsopanoyo inaliranso chimodzimodzi, ndinabwerera kusitolo kukadandaula. Bambo wina wachikulire yemwe anali pamzere ndiye anandiitanira pambali n'kundiuza kuti, "Mwanawe, imeneyo ili ndi resistor m'mimba." Zinali zoona. D1555 ndi BU508D anaziikiratu resistor ya maohm makumi ochepa pakati pa base ndi emitter, komanso diode pakati pa collector ndi emitter. Choncho chofiira chikakhala pa emitter, chakuda pa collector, nambala ya cha m'ma 500 ndi yoyenera. Mukatembenuza, chofiira pa collector, payenera kukhala OL. Yakufa ndi yomwe collector ndi emitter zikulira mbali zonse.

TIP122 ndi anzake a Darlington ndi matransistor awiri m'thupi limodzi, okhala ndi maresistor awiri ndi diode m'kati, ndiye nambala ya base ndi emitter siifanana ndi ya masiku onse ndipo imasiyana malinga ndi mita. Palinso tating'ono monga DTC114 tokhala ndi resistor ya 10k pa base, tomwe timaoneka ngati taduka. Pa zonsezi njira yodalirika ndi kuyeza yatsopano ya nambala yomweyo n'kufananiza. Ndimasunga imodzi imodzi m'kabotolo, yoyezera basi.

Ngati mita yanu ndi ya singano

Amisiri akale ambiri amaikondabe, nane ndili nayo. Kumbukirani kuti ikakhala pa maohm, moto wa batire lake umatulukira ku chingwe chakuda, zomwe n'zosemphana ndi mita ya manambala. Ndiye zonse zitembenuzeni: chakuda pa base singano n'kuyenda, imeneyo ndi NPN. Gwiritsani ×10. Pewani ×10k pakati pa base ndi emitter, chifukwa sikelo imeneyo imatenga moto ku batire la 9 V, pomwe chitseko chimenechi mbali yobwerera chimapirira 5 kapena 6 V yokha. Singano idzayenda ngati pakudontha, ndipo transistor ingafooke.

Mita ya singano ili ndi ubwino umodzi womwe ndimaukonda. Pa NPN, ikani pa ×1k, chakuda pa collector, chofiira pa emitter. Singano ikhala chete. Nyowetsani chala, mukhudze collector ndi base nthawi imodzi. Kamoto kochepa kodutsa m'chala kalowa pa base, singano iyenda kwambiri. Apa mwaona ndi maso transistor ikugwira ntchito yake yeniyeni, kamoto kochepa kakutsegulira moto wambiri. Mukasinthanitsa collector ndi emitter singano ingogwedezeka pang'ono, ndiye njirayi imatsimikiziranso miyendo.

Timabowo ta hFE

Mita zambiri zili ndi timabowo tolembedwa E, B, C, mbali ina NPN ina PNP. Zungulizani pa hFE, lowetsani miyendo moyenera. Nambala yomwe ituluke ikunena kuti moto wa pa collector ukuposa wa pa base kangati. BC547B iyenera kugwera pakati pa 200 ndi 450. C1815 yolembedwa Y ndi 120 mpaka 240, ya GR ndi 200 mpaka 400. Mukalowetsa collector ndi emitter mosemphana nambala imagwa kwambiri. Pa zazikulu musadalire kwenikweni timabowoti. Opanga 2N3055 amati 20 mpaka 70 pa moto wa 4 A, pomwe mita ikuyeza ndi kamoto kochepetsetsa.

Pomwe mita imalekezera

Mita ikati yafa, yafadi, kupatula za resistor m'mimba zija. Ikati ili moyo, yangonena kuti pa mavolti awiri kapena atatu ndi kamoto ka pafupifupi 1 mA zonse zili bwino. Koma 2SC5200 m'ampulifaya imasenza 40 kapena 50 V, ikutentha, kwa maola. Ilipo yomwe pabenchi imakhoza zonse, n'kumalephera ikangofunda. Chipangizo chomwe chimayamba bwino n'kusokonekera pakatha mphindi khumi chiyezedwe chili choyaka.

Izi muchite pa zipangizo za batire kapena za mavolti otsika kufikira mutazolowera, osati kumbali ya magetsi a pakhoma. Mita pa DC 20, yezani pakati pa base ndi emitter: yomwe ikugwira ntchito imaonetsa 0.6 mpaka 0.7 V. Ikaposa 1 V pa transistor wamba, chitsekocho chaduka. Ikakhala 0 ndiye kuti sikulandira kanthu, vuto lingakhale kumbuyo kwake. Pakati pa collector ndi emitter, yotseguka kotheratu imatsika kufika cha pa 0.2 V, yotsekeka imaonetsa pafupifupi mavolti onse a chipangizocho. Ngati pakati pa base ndi emitter pali 0, pakati pa collector ndi emitter napo pali 0 pomwe moto ukufika, ikayikireni shoti. Samalani nsonga isaterereke n'kugunditsa miyendo iwiri. Ine ndimakulunga nsonga ndi tepi, kusiya kansonga kokha.

Poika yatsopano

Yatsopanonso iyezeni musanaiwotcherere. Ngati nambala yeniyeni yasowa kuno, ndipo simukufuna ulendo wa ku Limbe chifukwa cha kanthu kamodzi, mungaike yofanana nayo, koma miyendo muitsate. Mbali yolembedwa ikukuyang'anani, miyendo pansi: BC547 ndi C, B, E. 2N3904 ndi S8050 ndi E, B, C. C945 ndi C1815 ndi E, C, B. Zonsezi ndi NPN zazing'ono zooneka mofanana, ndipo kuika ina m'malo mwa inzake kumafuna kupinda miyendo. 13003 ya m'matchaja ndi m'mababu miyendo yake imasiyana malinga ndi fakitale, choncho iliyonse ifufuzeni base payokha.

Zabodza ziliko, makamaka 2SC5200 ndi 2SA1943. Pa mita zimakhoza bwinobwino chifukwa m'kati muli transistor ndithu, koma yaing'ono, ndipo imafa nyimbo ikangokwezedwa. Zolemba zofufutika ndi chala komanso kupepuka m'dzanja poyerekeza ndi yakale n'zizindikiro zondipangitsa kuibweza.

Tsono funsani chomwe chinapha yakaleyo. Chaka china ndinasintha matransistor awiri akuluakulu m'ampulifaya ya mpingo wina Loweruka masana, ndikuthamangira kuti Lamulungu aimbire. Sindinayeze tating'ono toyendetsa akuluwo. Nditayatsa, atsopanowo anapsa pomwepo, ndipo ndinagula ena ndi ndalama zanga. Kuyambira pamenepo wamkulu akafa ndimazula ndi kuyeza onse a mzere wake, ma BD139 ndi BD140 kapena ena oyendetsa, madiode, ndi maresistor oyera aja a pa emitter a 0.22 kapena 0.47 ohm, omwe amaduka osaonetsa kupsa. Ndimafunsanso mwini wake masipika angati analumikiza. Pa zinkhoswe ndi maukwati anthu amangoonjezera: awiri a 8 ohm pa waya umodzi amakhala 4, anayi amakhala 2, ndipo maampulifaya ambiri sangapirire zimenezo.

Pomangirira pa chitsulo choziziritsa, bwezeretsani kapepala ka mica kolekanitsa transistor ndi chitsulocho, komanso phala loyera lothandiza kutulutsa kutentha, kenaka yezani pakati pa collector ndi chitsulocho. Pomwe panali mica, mita isalire.

Kuyatsa koyamba kudzere m'babu la kawaya la 60 W kapena 100 W, lolumikizidwa motsatizana pa waya wa moto. La LED silithandiza, choncho mukapeza lakale lisungeni. Likawala kamphindi n'kuzirala, zili bwino. Likawalabe kwambiri, zimitsani, shoti ikadalipo, koma babu lateteza zatsopano zanu. Likazirala, musalumikize sipika kaye. Ikani mita pa DC, yezani potulukira sipika, voliyumu ili pansi. Pa maampulifaya akuluakulu nambala ikhale pafupi ndi 0, yosafika 0.1 V. Zikatero lumikizani sipika imodzi, chotsani babu, imbani nyimbo motsitsa kwa theka la ola, mukugwira chitsulo choziziritsa ndi kuseri kwa dzanja mphindi zingapo zilizonse. Chifunde mofanana mbali zonse. Ngati transistor imodzi ikutentha kuposa anzake, zimitsani mubwerere kwa tating'ono toiyendetsa.